Mwana amene banja lonse lamutsamira

Mu 1978, katswiri wina wofufuza za matenda ku America, a Sherman James, anakacheza ndi mlimi wachikulire wa ku North Carolina, a John Henry Martin. Mkuluyu anabadwa mu 1907 m'banja la anthu akuda olima m'minda ya eni, mwini munda akutengapo gawo lake pa zokolola chaka ndi chaka, ulimi woti munthu amakalamba nawo popanda ndime ndi imodzi yomwe yoti n'kunena kuti iyi ndi yanga. Sukulu anailekeza kalasi yachiwiri. Koma a Martin anatsimikiza mtima kuti iwo sadzafera m'munda wa munthu. Anagula maekala 75 pangongole yoti abweze kwa zaka 40, n'kuyamba kugwira ntchito usana ndi usiku mpaka ngongole ija inatha m'zaka 5 zokha.

Kuno kwathu nkhani yotere bwenzi ikukambidwa pa tsiku lotsekera sukulu, mlendo wolemekezeka akuuza ana kuti mwaonatu, khama lipindula. Ndipo sangakhale akunama. Kungoti a James anaonanso zina zimene mlendo wolemekezeka sanganene. Asanakwanitse zaka 60, a Martin anali atagwidwa ndi BP, nyamakazi, ndi zilonda za m'mimba zoopsa moti madokotala anachita kuchotsa 40 peresenti ya chifu chawo. Eni akewo ankanena kuti anadzipanikiza mopitirira muyeso. A James anakonza mafunso oyezera mtima wosagonja umenewu, wakuti zivute zitani ine ndikwanitsa, n'kukawafunsa amuna akuda a m'boma la Edgecombe. Zotsatira zimene anatulutsa mu 1983 zinaonetsa kuti BP inali yokwera kwambiri mwa amuna amene anali ndi khama lalikulu koma sukulu yochepa, anthu amene ankalimbana ndi moyo opanda zida zolimbanira nawo.

Kuchokera nthawi imeneyo ena abwereza kafukufukuyu n'kupeza zomwezo, ena sanazipeze, ndiye tisamutenge ngati lamulo. Koma funso limene anadzutsa lidakalipo, ndipo ine ndikuona kuti ndi funso limene mabanja athu amalizemba. Timayamikira mwana wopirira, wolimbikira, wosadandaula, amene tonse tikuti adzatitulutsa mu umphawi. Sitimfunsa kuti katunduyo akumumva bwanji. Kupirira takusandutsa mankhwala a umphawi, pomwe kupirirako kumadya munthu.

Amene anailondola nkhaniyi mwakuya ndi a Gene Brody a pa University of Georgia, pamodzi ndi a Edith Chen ndi a Gregory Miller a pa Northwestern University. Kwa zaka zambiri akhala akutsatira ana a mabanja akuda a m'midzi ya ku Georgia, dera limene kale kunali minda ya thonje yolimidwa ndi akapolo ndipo mpaka lero umphawi sunachokeko. Mu 2013 anatulutsa zotsatira za ana 489. Anawo ali ndi zaka 11 mpaka 13, aphunzitsi awo ankafunsidwa kuti ndani amadziletsa, ndani amamvera, ndani akukhoza m'kalasi. Atafika zaka 19, ofufuza anabwerera kwa iwo. Anawafunsa za kukhumudwa, za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, za kupalamula milandu. Kenako anawayeza BP ndi kulemera kwa thupi, n'kuwasiyira botolo loti asungiremo mkodzo wa usiku wonse, kuti akaonemo kuchuluka kwa mahomoni monga cortisol ndi adrenaline, amene thupi limatulutsa munthu akakhala pa mpanipani.

Mwa ana ochokera m'mabanja osaukitsitsa, aja amene aphunzitsi ankawatama anakuladi bwino. Sankamwa, sankapalamula, sanali okhumudwa. Koma botolo lija ndi makina a BP zinanena zina: matupi awo anali otopa kuposa a anzawo a m'mabanja osauka omwewo amene sankadzipanikiza chotero. Kunja mwana wachitsanzo, m'kati thupi likuphwanyika pang'onopang'ono.

Mmene zimachitikira si zamatsenga. Munthu akakumana ndi choopsa, mahomoni aja amathamangitsa mtima, amafinya mitsempha ya magazi, amatulutsira shuga m'magazi kuti minofu ipeze mphamvu yothawira kapena yomenyera nkhondo. Choopsa chikadutsa, zonse zimabwerera m'malo. Koma mwana amene tsiku lililonse akudziuza kuti ndikangolakwitsa kamodzi basi zanga zada, ndipo osati zanga zokha komanso za amayi ndi azing'ono anga, thupi lake silipeza mpata wobwerera m'malo. Ali ngati chigayo chimene sichizimitsidwa: ufa ukutuluka woyera bwino, ogayitsa akuyamikira, koma injini ikutha.

Gulu lomweli linapezanso mu 2015, mwa achinyamata 292, kuti kudziletsa kunkayenda limodzi ndi maselo a m'magazi osakalamba msanga mwa amene kwawo kunali kopezako bwino, koma mwa osaukitsitsa kunkayenda limodzi ndi maselo okalamba msanga. Mu 2018, a Lauren Gaydosh ndi anzawo anaunika achinyamata masauzande ambiri a dziko lonse la America. Digiri inkachepetsa kukhumudwa mwa aliyense. Koma mwa anthu akuda ndi a mtundu wa Hispanic, amene mizu yawo ili ku Latin America, okulira mu umphawi, omaliza yunivesite ndiwo anali ndi mpata waukulu wokhala ndi BP, shuga wokwera ndi mafuta a pamimba, kuposa anzawo amene analibe digiri. Mwa azungu okulira mu umphawi zimenezi sizinaoneke.

Mfundo yomalizayi tisaidumphe, chifukwa ikutiletsa kungonyamula za ku Georgia n'kuziika pa mwana wa ku Ntchisi. Ku America kuli tsankho la khungu, ndipo munthu wakuda akakwera amakakumana nalo m'kalasi ndi mu ofesi mmene ali yekhayekha, akugwira ntchito kawiri kuti amuone ngati munthu. Tsankholo ndi gawo la katundu wake. Mwa anthu athu, amene angaimve msanga nkhani imeneyi ndi abale athu a ku Joni, amene anaona ziwawa zothamangitsa alendo mu 2008 ndi mu 2015, amene amagona khutu lili kunja, koma mwezi ukatha kumudzi akudikira kuti atumize.

Wina anena kuti ndiye mukutanthauza kuti ana asiye kulimbikira, azingokhala? Ayi ndithu. Ana olimbikira aja anapeza zambiri zabwino, ndipo palibe kholo la nzeru lingasankhe kuti mwana wake akhale chidakwa n'cholinga choti BP isakwere. Wina anenanso kuti mukunyoza banja, chikhalirecho banja ndiye pothawira pa munthu wosauka. Apa ndiye ndikugwirizana naye kwathunthu, ndipo umboni wake ukuchokera kwa a Brody omwewo.

Iwo anayambitsa maphunziro otchedwa Strong African American Families. Mabanja 667 a ana a zaka 11 anagawidwa mwamaere, ena kulowa m'maphunzirowo, ena ayi. Sanali maphunziro apatali: kukumana kamodzi pa sabata kwa masabata 7, makolo kuphunzira kuika malamulo omveka popanda nkhanza, kumvetsera mwana, kukamba naye za kugonana, za mowa, ndi za mmene angachitire akasalidwa chifukwa cha khungu lake. Patatha zaka 8, ofufuza anatenga magazi a achinyamata 272 mwa iwo. Amene mabanja awo anadutsa m'maphunziro aja anali ndi zizindikiro zochepa zosonyeza kuti asilikali a m'thupi akungomenya nkhondo pomwe palibe matenda, vuto limene pakapita zaka limatsegulira njira matenda a mtima ndi shuga. Kusiyana kunali kwakukulu m'mabanja osaukitsitsa, ndipo mbali ina kunabwera chifukwa makolo anachepetsa ukali n'kuwonjezera kuyandikana ndi ana awo. Masabata 7 okha, koma patatha zaka 8 n'kumaonekabe m'magazi. Mawu a mayi kwa mwana wake si mphepo chabe.

Tsono banja lomwelo likhoza kukhala chishango, likhozanso kukhala katundu, ndipo chimene chimasiyanitsa si chikondi. Makolo amene amauza mwana kuti iwe ndiwe chiyembekezo chathu amamukonda kwambiri. Chimene chimasiyanitsa n'chakuti kodi mwanayo akalephera adzakhalabe ndi malo pakhomopo, kapena malo ake akudalira zotsatira za mayeso.

Zotsatira ngati za maphunziro a makolo zija zili ndi ngozi yake. Maboma ndi mabungwe amazikonda chifukwa n'zotsika mtengo. Ndi zophweka kusonkhanitsa amayi pansi pa mtengo, kuwagawira ma T-shirt ndi botolo la Fanta, n'kuwaphunzitsa kulera, kusiyana ndi kufunsa kuti n'chifukwa chiyani mayi wabwinobwino akukalipira mwana wake madzulo aliwonse. Funso limeneli linayankhidwa kalekale. M'zaka za m'ma 1980 alimi ambiri a ku Iowa anataya minda chifukwa cha ngongole, ndipo kuyambira mu 1989 a Rand Conger ndi anzawo anatsatira mabanja 451 a kumeneko, azungu okhaokha. Anapeza mndandanda umene aliyense wokulira m'nyumba ya ngongole amaudziwa: ndalama zikasowa makolo amada nkhawa, nkhawa imabala mikangano pakati pa bambo ndi mayi, mikangano imatsikira kwa ana ngati ukali kapena kusawalabadira, ana n'kuyamba kusokonekera. Atabwereza kafukufukuyu mwa mabanja akuda, mndandanda unali womwewo. Chiyambi chake ndi thumba, osati umbuli wa makolo.

Nanga thumba likadzaza, zimasintha? Mwayi woyankha funsoli unabwera mwangozi. Mu 1993 a Jane Costello a pa Duke University anayamba kutsatira ana 1,420 a kumapiri a kumadzulo kwa North Carolina, ndipo 350 mwa iwo anali a mitundu ya eni nthaka a ku America, ambiri a mtundu wa Cherokee. Kafukufuku ali pakati, a Cherokee anatsegula kasino, nyumba yotchovera juga, n'kugwirizana kuti gawo la phindu azigawana anthu onse a mtunduwo. Pofika 2001 munthu aliyense ankalandira pafupifupi madola 6,000 pachaka, popanda womuuza kuti agule chiyani kapena achite chiyani kuti alandire. M'mabanja amene anatuluka mu umphawi, mavuto a khalidwe mwa ana, monga ndewu, kuba ndi kusamvera, anatsika mpaka kufanana ndi a ana a m'mabanja amene sanasaukepo. Nkhawa ndi kukhumudwa kwa anawo sizinasinthe kwenikweni panthawiyo, ndiye ndalama si mankhwala a chilichonse. Koma ofufuza atafunafuna chimene chinasintha m'nyumbamo, anapeza kuti makolo anayamba kupeza nthawi yodziwa kumene mwana ali ndi zimene akuchita. Palibe anawaphunzitsa kulera. Ankadziwa kale, chimene ankasowa ndi mpata wopumira.

Umboni umene ukutikhudza kwambiri sunachokere kutali, unachokera ku Zomba. Mu 2008 ndi 2009 a Sarah Baird, a Craig McIntosh ndi a Berk Özler anachita kafukufuku wopereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Mtsikana ankalandira pakati pa dola imodzi ndi madola 5, makolo pakati pa madola 4 ndi 10. Mabanja ena ankalandira popanda chowakakamiza. Ena ankalandira pokhapokha mtsikanayo akapezeka m'kalasi masiku osachepera 80 pa 100 aliwonse. Mu 2013 a Baird, a Jacobus de Hoop ndi a Özler anatulutsa zimene ndalamazi zinachita ku maganizo a atsikanawo. Kuvutika maganizo kunatsika kwambiri mwa atsikana a pasukulu amene ankalandira. Koma m'mabanja aja okhala ndi lamulo la kaundula wa m'kalasi, gawo la makolo likamakula, phindu la m'maganizo mwa mtsikana linkachepa.

Taganizirani bwino. Ndalama zambiri zikulowa m'nyumba, koma mtima wa mtsikana sukupepuka mofanana. Chifukwa chake si chovuta kuchiona. Mtsikana wa Fomu 1 wadzuka mutu ukuwawa, kapena ali kumwezi ndipo alibe zodzitetezera, mvula ikugwa, mtsinje wadzaza. Masiku onse akanangogona. Koma tsopano akudziwa kuti aphunzitsi akaitana dzina lake iye kulibe, sopo ndi mchere wa nyumba yonse zili pachiswe, ndipo amayi ayamba kale kumuyang'ana. Sanasanduke mwana wasukulu chabe, wasanduka malipiro a banja. Amene anakonza lamulo lija ankafuna zabwino, ndipo linathandizadi kuti atsikana asajombe. Koma linachotsa nkhawa pamutu pa akuluakulu n'kuisenzetsa mwana.

Zimene lamulo lija linachita kwa zaka ziwiri, mabanja athu amachita kwa moyo wonse, popanda kaundula. Mwana wachisamba, kapena amene anasankhidwa kupita ku sekondale ya boma, amauzidwa adakali wamng'ono kuti fizi yako tinagulitsira mbuzi, azichemwali ako anasiya sukulu chifukwa cha iwe. Akapeza ntchito ya uphunzitsi kapena unamwino, malipiro asanalowe n'komwe foni yayamba kale. Achimwene, feteleza wakwera. Amalume, andithamangitsa fizi. Alamu, mwana ali kuchipatala, tumizani kangachepe pa Mpamba. Maliro akagwa, bokosi ndi lake, galimoto ndi yake, ndiwo za pasiwa ndi zake. Akatapila amamudziwa ndi dzina. Akakana kamodzi, ndiye kuti tauni yamulowa m'mutu, waiwala kumene anachokera. Akadwala BP ali ndi zaka 35, timati ndi matenda a anthu olemera, kapena timayamba kuloza zala azakhali kuti ndiwo amulodza chifukwa cha nsanje.

Sindikunena kuti kuthandiza abale n'kulakwa. M'dziko limene anthu ambiri alibe penshoni kapena inshuwalansi ya kuchipatala, mbale wapantchito ndiye zonsezo, ndipo ambiri amene lero akuwerenga pa foni anaphunzira ndi thukuta la mchimwene kapena mchemwali wawo. Sindikunenanso kuti BP yonse ndi ya nkhawa. Mchere, kunenepa, mowa, fodya ndi chibadwa zili ndi mbali yake. Koma kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 anapeza kuti pa akuluakulu atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi, mmodzi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. M'dziko lotere, munthu amene akusenza anthu khumi ndiye woyamba kufunika kuyezetsa, koma kawirikawiri ndiye womaliza kupita, chifukwa iye ndi uja wamphamvu, amene sadwala, amene amaperekeza ena kuchipatala.

Timadziwa kunena kuti mutu umodzi susenza denga tikafuna kuti anthu atithandize. Mwambi womwewo sitiukumbuka tikamakweza denga lonse pamutu pa mwana mmodzi. Pali zinthu zimene banja lingachite popanda kudikira boma. Akuluakulu a pabanja akhoza kukhala pansi n'kugwirizana kuti wapantchitoyo azithandiza zakutizakuti basi, m'malo moti aliyense azimuimbira payekha usiku. Amene wathandizidwa fizi akamaliza azitenga gawo lake, osati kungolowa mumzere wa opempha kachiwiri. Ndipo mwana wa Sitandade 8 amene akudikira zotsatira amve kuchokera pakamwa pa bambo ake kuti ukakhoza tidzasangalala, ukalephera udzabwereza, nsima yako ili pomwepo. Mawu amenewa salira ndalama, ndipo ngati za ku Georgia zili zoona, amafika mpaka m'magazi.

Koma ndikanakhala wachinyengo ndikanathera pamenepa, ngati kuti ndabwereranso pansi pa mtengo uja ndi ma T-shirt. Makolo amatsamira mwana chifukwa palibe china chotsamira. N'chifukwa chake Mtukula Pakhomo, amene anayamba ku Mchinji mu 2006, ndimamuona ngati nkhani ya zaumoyo osati yachifundo chabe. Ndalama zake zimapita kwa mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito, nthawi zambiri agogo olera adzukulu, ndipo sazichotsa chifukwa mwana wajomba. Ofufuza a University of North Carolina ndi a Centre for Social Research ya University of Malawi anaunika ntchitoyi ku Salima ndi ku Mangochi, ndipo anapeza kuti zizindikiro za kukhumudwa zinatsika mwa achinyamata a m'mabanja olandira, makamaka atsikana. Nthawi ndi nthawi kumamveka mawu akuti anthuwa asamangolandira zaulere, tiziwaikira malamulo. Onena zimenezi ayambe awerenga za ku Zomba, aone kuti lamulo loikidwa pa banja losauka limakagwera pa msana wa ndani.

Za ku Zomba zili ndi mbali zina ziwiri zowawa. Atsikana a pasukulu a m'midzi yomweyo amene sanalandire nawo, kuvutika maganizo kwawo kunakwera, poona anzawo akugula sopo ndi mafuta odzola iwo alibe. Ndipo ndalama zitasiya kubwera, kupepuka kwa mtima kuja mwa olandira kunatha posakhalitsa. Thandizo la zaka ziwiri, la anthu osankhidwa apa ndi apo, limatha tsiku limene galimoto ya bungwe yanyamuka. Ndalama zambiri za Mtukula Pakhomo mpaka lero zimachokera kwa mayiko ndi mabungwe akunja, amene tawaona akusintha maganizo pa thandizo lawo mosachenjeza. Aphungu akamakambirana bajeti ku Lilongwe, afunse nduna ya zachuma kuti pa misonkho yathu ndi zingati zikupita kumeneko, ndipo opereka thandizowo akadzatseka thumba, agogo a ku Mangochi adzatsamira mdzukulu uti.